Magazi Atengedwa Kumudzi, Chilolezo Chichokera ku Lusaka: Ndani Amaweruza Ofufuza?

Mu 2012 magazini ya sayansi yotchedwa PLoS Neglected Tropical Diseases inatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'midzi ya m'boma la Petauke. Anthu oposa 700, ana ndi akuluakulu omwe, anapereka chimbudzi chawo m'timabotolo, natambasula mikono kuti awatenge magazi. Ofufuzawo anali akatswiri a sukulu ya matenda a ziweto pa University of Zambia, pakati pawo Kabemba Mwape, mothandizana ndi anzawo a ku Antwerp m'dziko la Belgium. Ankasaka njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba, imene asayansi amaitcha Taenia solium, ndipo anapeza kuti pa anthu 100 alionse, pafupifupi 6 anali nayo m'matumbo.

Woweta nkhumba aliyense kuchokera ku Nyimba mpaka ku Katete amawadziwa masese, timatuza toyera timene timapezeka m'nyama kapena kunsi kwa lilime la nkhumba. N'chifukwa chake ogula nkhumba ochenjera amayamba aikanula kukamwa asanatchule mtengo. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, njoka imakula m'matumbo mwake ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Nkhumba yongoyendayenda m'mudzi ikadya chimbudzicho, masese amayambiranso. Choopsa kwambiri chimachitika mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba: timatuza timatha kukhazikika mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti m'madera momwe njokayi yafala, pafupifupi anthu 3 mwa 10 odwala khunyu amadwala chifukwa cha iyo. Ena mwa ana amene makolo awo amati analodzedwa, gwero la matenda awo lili m'khola ndi kuthengo.

Kafukufuku wotere ndi wofunika, ndipo ine sindikayika. Koma taonani zimene anthu anapemphedwa kupereka. Zaka zitatu pambuyo pake, mu 2015, gulu lomweli linatulutsa kafukufuku wina wa ku Petauke komweko, wofunsa chifukwa chimene anthu sagwiritsira ntchito zimbudzi ngakhale zitakumbidwa. Abambo anafotokoza za manyazi olowa m'chimbudzi chimodzi ndi apongozi, kapena kuonedwa ndi ana awo akupita kumeneko. Izi ndi nkhani za m'nyumba, zimene munthu sangauze mlendo aliyense wodutsa pamsewu. Anaziulula chifukwa anakhulupirira kuti amene akufunsawo ali ndi chilolezo, ndiponso kuti kwinakwake kuli anthu amene anaunika zonse nati palibe choopsa.

Minga ili pakati pa zonsezi. Mishoni ya Akatolika imeneyi, imene inayambitsidwa ndi ansembe a chipani cha White Fathers ndipo ili pansi pa dayosizi ya Chipata, ili chapafupi ndi msewu wa Great East pakati pa Nyimba ndi Petauke. Chipatala chake chimalandira Ansenga a m'midzi yambiri, ena atabwera pa njinga, ena pa ngolo. Maboma awiriwa alandira ofufuza ochuluka m'zaka zaposachedwapa. Mu 2012 Nyimba inali limodzi mwa maboma anayi a mu Zambia, pamodzi ndi Lundazi, Mansa ndi Kalomo, momwe munayambira ntchito ya Saving Mothers, Giving Life yochepetsa imfa za amayi pobereka. Kuti adziwe ngati imfazo zikuchepa, ogwira ntchito ankafika pamakomo n'kufunsa abale a malemu mmene imfa inachitikira. Kenaka kunabwera kafukufuku wa nyumba zodikirira amayi oyembekezera pafupi ndi zipatala, wotsogoleredwa ndi Boston University ndi anzawo a mu Zambia. Kunabweranso a malungo. Ku Nyimba nyumba zina zinaikidwa waya wotchinga udzudzu m'mawindo pamene zina zinangotsala ndi masikito, ndipo amene analandira waya anasankhidwa pochita maere. Ku boma la Luangwa, amuna odzipereka anachezera usiku miyendo ili pamtunda, kugwira udzudzu umene unkawatera kuti uwerengedwe.

Pa chilichonse mwa izi pali funso limene silingayankhidwe ndi makina oyezera magazi. Kodi mwamuna amene mkazi wake wamwalira pobereka afunsidwe patapita nthawi yotani, ndipo afunsidwe ndi ndani? Kodi banja limene maere sanaligwere lidzapatsidwa waya kafukufuku akatha? Wochezera ndi udzudzu uja akadwala malungo, amulipirira ndani mankhwala? Mafunso amenewa amayankhidwa pa tebulo la komiti, nthawi zambiri ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Petauke.

Anthu a pa tebulo

Kuyambira mu 2013 Zambia ili ndi lamulo la kafukufuku wa zaumoyo, National Health Research Act. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la National Health Research Authority ndi bodi yoyang'anira makomiti onse ounika kafukufuku. Wofufuza amayamba wapereka ndondomeko yake ku komiti yovomerezeka, monga ya University of Zambia imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti UNZABREC, ya bungwe la ku Ndola limene linkadziwika ndi dzina loti Tropical Diseases Research Centre, kapena ya ERES Converge ku Lusaka. Komiti ikavomera, amapita ku bungwe la boma lija. Ngati akuyesa mankhwala, a bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA nawo ayenera kulola. Magazi kapena chilichonse chotengedwa m'thupi la munthu sichingatumizidwe kunja kwa dziko popanda chilolezo cholembedwa. Akatha zonsezi m'pamene amagogoda ku ofesi ya zaumoyo ya chigawo ku Chipata, ya boma ku Petauke kapena ku Nyimba, kenaka kwa amfumu ndi kwa anyakwawa. Ku Malawi njira yake ndi yofanana, kudzera ku makomiti monga NHSRC.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti anthu okhala m'makomiti otere, m'mayiko ambiri, si olembedwa ntchito imeneyi. Ndi madokotala, aphunzitsi a pa yunivesite, maloya, anamwino, abusa kapena ansembe, amene ali ndi ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Mapepala a kafukufuku, amene nthawi zina amakwana masamba mazana, amawawerenga madzulo ataweruka kapena Loweruka. Ndi anthu odzipereka amene apatsidwa mphamvu yoletsa ntchito ya ndalama zankhaninkhani. Munthu wotopa, wosalipidwa mokwanira, amene ali ndi mphamvu yaikulu chotero, amafunika malamulo omveka omuteteza iye mwini ndiponso oteteza anthu kwa iye.

Makomitiwa anabadwa chifukwa cha zoipa zimene zinachitikadi. Kuchokera mu 1932 mpaka 1972, nthambi ya zaumoyo ya boma la America inkatsatira amuna akuda 600 a ku Tuskegee m'dera la Alabama, 399 mwa iwo odwala chindoko, osawauza matenda awo enieni ndiponso osawapatsa penisilini ngakhale mankhwalawo atadziwika kuti amachiza. Ankafuna kuona mmene chindoko chimawonongera thupi mpaka imfa. Nkhaniyi itaululika m'nyuzipepala mu 1972, dzikolo linapanga lamulo mu 1974 limene linalimbitsa makomiti ounika kafukufuku. Bungwe la madokotala padziko lonse, limene linalemba mfundo za Helsinki mu 1964, linawonjezera mu 1975 kuti ndondomeko ya kafukufuku iziperekedwa ku komiti yoima payokha.

Kuno ku Africa anthu amakumbukira za ku Kano m'dziko la Nigeria. Mu 1996, pa mliri wa matenda oumitsa khosi, kampani ya Pfizer inachita kafukufuku wa mankhwala otchedwa Trovan pa ana pafupifupi 200, ndipo ana 11 anamwalira. Kampaniyo inanena kuti anawo anaphedwa ndi matendawo, osati mankhwala, koma mu 2009 inagwirizana ndi boma la Kano kulipira madola 75 miliyoni. Mbali ya nkhaniyi imene imandikhudza kwambiri ndi ya kalata. Patapita zaka zinadziwika kuti kalata yosonyeza kuti komiti ya chipatala inavomereza kafukufukuyo inalembedwa kafukufuku atatha kale, n'kuikidwa deti lakumbuyo. Pepala linalipo, chidindo chinalipo, koma panalibe anthu amene anakhala pansi n'kufunsa mafunso ana asanapatsidwe mankhwala.

Amene ayenera kutuluka panja

Lamulo loyamba la komiti iliyonse ndi lonena za amene angakhalemo. Malamulo a ku America, amene amakhudzanso Zambia chifukwa kafukufuku wambiri kuno amayendera ndalama zochokera kumeneko, amafuna anthu osachepera asanu. Mmodzi asakhale wasayansi, ndipo mmodzi asakhale wogwira ntchito pa bungwe limene lili ndi komitiyo, ngakhale m'bale wa wogwira ntchito pamenepo. Kuti chigamulo chikhale chovomerezeka pafunika mamembala oposa theka, ndipo wosakhala wasayansi uja akhalepo. Akajomba, msonkhano sungagamule. Mfundo za Helsinki zitakonzedwanso mu Okutobala 2024, zinanena kuti komiti ikhale ndi munthu wamba mmodzi kapena kuposerapo, idziwe bwino moyo wa kumene kafukufuku akachitikire, ndiponso kuti kafukufuku wa mayiko awiri avomerezedwe ndi makomiti a mbali zonse ziwiri, kochokera ndalama ndi kotengedwa magazi.

Mawu akuti munthu wamba ndi osavuta kulemba. Ku Lusaka munthu wamba akhoza kukhala mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Kabulonga, munthu wabwino ndithu, koma amene sanagonepo m'nyumba yodikirira pa chipatala cha mishoni, ndipo sadziwa kuti m'mudzi wa Ansenga malume ali ndi mawu otani pa mwana wa mlongo wake. Fomu ya chilolezo ingalembedwe kuti bambo kapena mayi asaine m'malo mwa mwana, pamene pakhomopo aliyense akudziwa kuti nkhani yaikulu siidutsa popanda atsibweni. Wodziwa zimenezi akakhala pa tebulo, fomuyo imakonzedwa isanachoke mu ofesi. Akasowa, vuto limakaonekera kumudzi, galimoto ya ofufuza itaima kale pansi pa mtengo wa mango.

Lamulo lovuta kusunga kuposa onse ndi la kudzipatula. Membala amene ali ndi mbali pa kafukufuku amene akuunikidwa saloledwa kuweruza nawo. Angathe kuyankha mafunso, koma pokambirana ndi poponya voti ayenera kutuluka. Kumudzi izi si zachilendo: pa bwalo la amfumu, nduna imene mphwake ndiye woimbidwa mlandu imadziwa kuti tsiku limenelo si lake lolankhula. Kusiyana kwake n'kwakuti pa bwalo aliyense amadziwa ubale wa aliyense, pamene m'komiti ubale umabisika m'mapepala. Zambia ili ndi akatswiri ochepa pa nthambi iliyonse. Wodziwa bwino za njoka ya nkhumba amene angaunike kafukufuku wa njokayo, kawirikawiri ndi yemwe anaphunzitsa wofufuzayo, kapena analemba naye pepala chaka chatha, kapena akupikisana naye pa thumba limodzi la ndalama. Mukatulutsa onse odziwana, m'chipinda mumatsala anthu osaidziwa nkhaniyo. Mukawasiya onse, chigamulo chimakhala cha pachibale.

Palibe njira yachidule yothetsera zimenezi, koma makomiti okhwima amachita zinthu zingapo zooneka zazing'ono. Membala aliyense amalemba poyera mabungwe amene amamulipira ndi anthu amene amagwira nawo ntchito, ndipo amabwereza kunena zimenezi pa chiyambi cha msonkhano uliwonse. Amene agamule ngati ubalewo ndi waukulu moti munthu atuluke ndi wapampando ndi anzake, osati mwini wake. Mlembi amalemba m'buku la msonkhano kuti uje anatuluka nthawi yakuti nabwerera nthawi yakuti. Ukatswiri ukasowa, amaitana katswiri wakunja kuti apereke maganizo popanda voti. Ine ndimaona kuti mfundo ya buku la msonkhano ndi imene imalemera kwambiri. Munthu akhoza kukhala woona mtima kotheratu, koma zaka zisanu zikadzapita, mayi wina akadzafunsa kuti ndani analola, kukumbukira kwa anthu sikudzathandiza. Chidzathandiza ndi chimene chinalembedwa tsiku lomwelo.

Palinso malire a nthawi. Munthu akakhala m'komiti zaka zambirimbiri amaidziwa ntchito, koma amazolowerananso ndi ofufuza mpaka amasiya kuwafunsa mafunso owawa. N'chifukwa chake mipando imakhala ya zaka zowerengeka, ndipo mamembala satuluka onse pamodzi, kuti atsopano apeze akale owaphunzitsa. Za chinsinsi n'zodziwikiratu: zimene munthu wawerenga m'mapepala a komiti sazitengera ku ntchito yake kapena ku malo omwera.

Zimene Mazabuka inaphunzitsa

Mu Disembala 2009 zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa MDP 301 zinalengezedwa. Amayi 9,385 a ku South Africa, Tanzania, Uganda ndi Zambia anayesa mankhwala opaka kumaliseche otchedwa PRO 2000, pofuna kuona ngati angateteze ku HIV. Mu Zambia kafukufukuyu anachitikira ku Mazabuka. Mankhwalawo anapezeka kuti savulaza, koma satetezanso. Amayi ena anatenga kachilomboka m'nthawi ya kafukufukuyo, ndipo chiwerengero chinali pafupifupi chofanana pakati pa opaka mankhwala enieni ndi opaka ongofanizira. M'mankhwalamo munalibe kachilombo.

Koma nkhani imene inafala m'dziko inali ina: yakuti amayi anapatsidwa HIV mwadala. Mfumu Mwanachingwala ya m'deralo inakwiya poyera, mawailesi ndi nyuzipepala zinadzaza ndi nkhaniyi, ndipo ntchito yofufuza njira zotetezera amayi inabwerera m'mbuyo. Kafukufukuyo anali ndi zilolezo. Chimene chinaoneka n'chakuti chilolezo cha komiti sichifika chokha m'mitima ya anthu a m'deralo, ndipo tsiku la zotsatira zowawa likafika, amene amafunsidwa ndi mfumu, m'busa ndi namwino wa pa kiliniki, osati pulofesa.

Mantha a magazi m'dera lathu lino ndi akale. M'nthawi ya atsamunda, ku Northern Rhodesia kunkamveka mphekesera za anthu ogwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi, ndipo wolemba mbiri Luise White anazisonkhanitsa m'buku lake la mu 2000. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo ku Malawi, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Kumayambiriro kwa 2020, mphekesera za opopera mankhwala ogonetsa m'nyumba zinaphetsa anthu ambiri mu Zambia. Munthu wa ku Minga akafunsa kuti, "Magazi athuwa mukupita nawo kuti?" sakufunsa mwaumbuli. Ndi funso lomwelo limene lamulo la 2013 limafunsa, ndipo ali ndi ufulu woyankhidwa momveka: apita ku labotale yakuti, akayezedwa chakuti, adzasungidwa kwa nthawi yakuti, otsala adzatayidwa motere.

Sopo, chitenje ndi ndalama ya thiransipoti

Nkhani ya ndalama ili ndi mbali ziwiri. Kwa otenga nawo mbali, komiti imayenera kuweruza kuti kangachepe kotani n'koyenera. Mayi amene wasiya munda wa mtedza tsiku lathunthu m'nyengo yopalira, nakwera njinga yolipira kupita kuchipatala, ayenera kubwezeredwa. Kumupatsa zochepa n'kumudyera masuku pamutu. Koma ndalama ikakula kwambiri, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zitatha, munthu amavomera chimene akanakana ali wokhuta. Muyeso wa malire amenewa sungapezeke m'buku. Amaudziwa ndi munthu amene akudziwa mtengo wa ganyu ndi wa chigoba cha chimanga ku Petauke mwezi umenewo.

Mbali inayo ndi ya oweruza eni ake. Makomiti ambiri amalipiritsa ofufuza ndalama younikira mapepala, ndipo ndalamayo ndi imene imayendetsa ofesi. Palibe cholakwa, bola ikhale yofanana kaya kafukufuku wavomerezedwa kapena wakanidwa, ndipo isadutse m'manja mwa membala. Alawansi ya msonkhano ikhale yodziwika ndi yolembedwa. Mphatso, ulendo wa ku msonkhano wakunja kapena lonjezo la ntchito kuchokera kwa wofufuza zikhale zoletsedwa. Koma ndikufuna kunenetsa kuti kudzipereka kusakhale chifukwa chotsekera osauka pakhomo. Dokotala wa ku Lusaka angathe kupereka Loweruka lake kwaulere chifukwa malipiro ake akubwera. Mayi wa m'gulu la SMAG ku Nyimba, amene kale amaperekeza amayi oyembekezera kuchipatala popanda malipiro, sangadzilipirire basi ya ku Lusaka. Komiti imene imati ikufuna anthu a kumudzi koma siyika ndalama ya ulendo wawo m'bajeti, sikuwafuna.

Za mafumu zimafuna kusamala. Palibe wofufuza wanzeru amene angalowe m'dziko la Kalindawalo, Mumbi, Nyamphande, Ndake kapena Nyalugwe osayamba wakaonekera. Ulemu umenewu ndi woyenera. Koma amfumu amatsegula njira yolowera m'mudzi, satsegula mtsempha wa munthu. Anyakwawa akalengeza kuti mawa aliyense abwere, ambiri amamva ngati lamulo, ndipo wokana amaopa kuti dzina lake lidzasowa pa mndandanda wa feteleza. Komiti yabwino imafunsa kuti munthu adzafunsidwira pati: pagulu anyakwawa akuona, kapena payekha. Imafunsanso za osadziwa kulemba, amene amadinda chala: mboni yawo asakhale wa m'gulu la ofufuza, ndipo fomu iwerengedwe m'chilankhulo chimene mwini wake amalankhula pakhomo, kumene kuno kwa ambiri ndi Chinsenga.

Mphotho ya ofufuza abwino

Komiti imaletsa zoipa, koma siyamika zabwino. N'chifukwa chake mabungwe ena anayambitsa mphotho zolemekeza anthu amene asonyeza umunthu pa kafukufuku. Bungwe la PRIM&R la ku Boston, limene linayamba mu 1974, limapereka mphotho yotere kwa anthu amene athera moyo wawo pa ntchitoyi. Mmodzi mwa oilandira anali Jay Katz, dokotala amene anakhala nawo m'gulu lofufuza mlandu wa ku Tuskegee. Mphotho zotere zimagamulidwanso ndi anthu odzipereka, ndipo malamulo awo amachokera pa muzu womwewo. Woweruza sangapikisane nawo ali pampando, ndipo sangapereke dzina la munthu kenaka n'kukhala pansi kumuweruza. Wophunzira wake kapena bwana wake akatchulidwa, amatuluka. Muyeso umalengezedwa mayina asanayambe kulandiridwa, kuti usasinthidwe pofuna kukomera munthu. Aliyense amayamba wapereka malikisi payekha asanamve maganizo a wamkulu wa gululo. Wopereka ndalama za mphotho sakhala ndi voti. Mayina a ogonja amasungidwa mwachinsinsi. A mphotho ya Nobel amasunga mayina a otchulidwa kwa zaka 50.

Zonsezi n'zabwino, koma pa mphotho ya mtundu uwu pali mpata umene malamulo amenewa satseka. Oweruza amaona zimene zili pa tebulo: makalata oyamikira, mndandanda wa mapepala osindikizidwa, mbiri yolembedwa bwino m'Chingerezi. Koma ubwino wa wofufuza suonekera m'mapepala amenewa. Umaonekera pa zimene anachita ndi munthu amene anapezeka ndi timatuza mu ubongo kafukufuku atatha ndalama: kodi anamusiya ndi chithunzi cha mutu wake m'manja, kapena anaonetsetsa kuti chipatala chapafupi chikumupatsa mankhwala a khunyu? Umaonekera pa kubwerera kumudzi kukanena zotsatira, ngakhale zitakhala zokhumudwitsa. Umaonekera pa mayina a anamwino ndi achinyamata omasulira, ngati analembedwa kapena anaiwalika. Amene amadziwa mayankho a mafunso amenewa ndi a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, asisitere ndi anamwino a pa chipatala cha mishoni, aphunzitsi a pa sukulu imene ana anayezedwera.

Choncho mabungwe a mu Zambia akafuna kulemekeza wofufuza pa nkhani ya umunthu, ndikanakonda malamulo a oweruza akhale ndi mfundo ziwiri zolembedwa. Yoyamba, mipando ina ikhale ya anthu ochokera m'madera momwe kafukufuku amachitikira, osankhidwa ndi anzawo osati ndi ofufuza, ndipo voti yawo ilemere mofanana ndi ya pulofesa. Yachiwiri, dzina lisalengezedwe oweruza asanatume munthu kumudzi kukafunsa, wofufuzayo kulibe, ngati anthuwo angamulandirenso. Ena adzati zimenezi n'zodula ndiponso kuti anthu a kumudzi angakondere amene anawapatsa zambiri. Kukondera kulipo paliponse, ndipo mankhwala ake ndi omwe aja: kuulula ubale, kutuluka panja, kulemba m'buku. Sitinganene kuti lamuloli limakwanira kuletsa pulofesa koma silingakwanire mlimi.

Si maloto chabe. Mu 2017 anthu a mtundu wa Asan a ku South Africa, atatopa ndi ofufuza obwera kudzatenga magazi, zithunzi ndi nzeru zawo za mitengo, analemba malamulo awoawo a kafukufuku, ofuna ulemu, kuona mtima, chilungamo ndi chisamaliro, ndiponso kuti wofufuza ayambe wapempha ku bungwe lawo. Chaka chotsatira, malamulo ena otchedwa Global Code of Conduct for Research in Resource-Poor Settings, amene Asan anathandiza nawo kulemba, anavomerezedwa ndi European Commission kuti azitsatidwa ndi olandira ndalama zake. Cholinga chake ndi kuletsa ofufuza kuchita kumayiko osauka zimene sangaloledwe kuchita kwawo.

Pali chinthu china chimene makomiti angakonze osadikira mphotho kapena lamulo latsopano. Kumapeto kwa fomu iliyonse ya chilolezo kumalembedwa keyala ndi nambala ya foni ya komiti, kuti wodandaula aimbe. Munthu wa kumudzi amene alibe foni yakeyake, kapena alibe mayunitsi, ndipo sanalankhulepo ndi ofesi ya ku Lusaka, sangaimbe nambala imeneyo ngakhale dandaulo lake litakhala lalikulu. Komiti ikaona kuti palibe amene waimba, ingaganize kuti zonse zili bwino. Pa kafukufuku aliyense wochitikira ku Petauke ndi ku Nyimba, komiti ingathe kulamula kuti patchulidwe munthu wa pafupi, wosalipidwa ndi ofufuza, monga wapampando wa komiti ya zaumoyo ya m'deralo kapena namwino wamkulu wa pa chipatala, amene adzalandira madandaulo pakamwa m'Chinsenga, n'kuwalemba, n'kuwatumiza ku Lusaka, ndipo komitiyo idziikire masiku owerengeka oyankhira.